Nkhosa Yachiwiri ya Yanjin

Yanjin sankaopa chisanu. Anabadwira m'hema kumapiri a ku Zavkhan, mwezi umene malovu amauma asanafike pansi, ndipo pofika zaka zisanu ndi ziwiri ankatha kutsata nkhosa tsiku lathunthu, mphuno ili psuu, osadandaula. Chimene ankadana nacho ndi chisanu cha mumzinda wa Ulaanbaatar, likulu la dzikolo. Kwawo chisanu chimabwera ndi dzuwa komanso mpweya woyera, ndipo munthu umadziwa kuti mdani wako ndi mmodzi. Mumzinda chimabwera ndi utsi wa malasha umene umakuta nyumba zonse kuyambira Novembala mpaka Malichi, moti ukapuma umachita kulawa phulusa kukhosi. Atsikana ankapita m'kalasi nsidze zitayera ndi chipale chofewa, n'kubwerako m'mphuno muli bii.

Anali m'chaka chachitatu ku yunivesite, akuphunzira udokotala wa ziweto. Kunena zoona, maphunzirowo anali a anthu awiri. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka khumi, ndipo bambo ake, a Gombo, sanakwatirenso. Anamulera okha, mpaka kumamuluka tsitsi ndi zala zawo zikuluzikulu zozolowera zingwe za mahatchi, malukidwe ake opotoka moti anzake kusukulu ankamuseka. Chaka china nthenda inalowa m'khola mwawo. Anatumiza uthenga kuboma, koma dokotala wa ziweto anafika patatha milungu itatu, kudzangowerenga zikopa. Tsiku limenelo a Gombo, amene sankakonda kutaya mawu, anauza mwana wawo kuti manja ogwira ndowe pakhomopo analipo kale, ake akhale a cholembera. Sanabwerezenso. Koma kuyambira pamenepo chilichonse cha pakhomopo, ubweya, mkaka, anaankhosa, chinkaloza kusukulu ya Yanjin.

Ku hositelo ankakhala anayi m'chipinda. Mipope yotenthetsera zipinda inali ndi mtima wakewake: lero yawotcha moti munthu n'kugona osafunda, mawa yazizira ngati mphuno ya galu. Aliyense amene anadutsa m'mahositelo amenewo akudziwa nzeru zake. Okutobala akafika mumamata mipata ya mazenera ndi mapepala onyowetsa m'madzi a sopo. M'nsapato mumayala nyuzipepala. Kulaibulale mumalawirira, osati chifukwa chokonda mabuku, koma kuti mupeze mpando wa pafupi ndi mpope. Zonsezi n'zongothandizira chabe. Chimene chimadutsitsa mwana wasukulu chisanu cha kuno ndi nyama, ndipo amene angakuuzeni zina sanagonepo ndi njala mu Januwale.

Chisanu chikangokhazikika, ziweto zisanayambe kuwonda, makolo kumudzi amapha nyama yoti adye mpaka kunja kutafunda, ndipo mwana amene ali kusukulu amamutumizira nkhosa yathunthu, youma gwa, mutu ndi zam'kati zomwe. Firiji ya wophunzira ndi zenera. Amaika nyamayo m'thumba, kumanga chingwe, n'kulipachika kunja. Mukadutsa pa hositelo mu Disembala mumaona matumba ali lendelende khoma lonse, ndipo mutha kusiyanitsa mwana wa olemera ndi wa osauka osalowa n'komwe m'kati.

Nkhosa ya Yanjin inkabwera ndi a Damdin, dalaivala wa lole amene ankanyamula zikopa kuchokera kwawo kudzagulitsa mumzinda, ulendo wa masiku atatu. Chaka chimenecho anafika kumapeto kwa Novembala. Yanjin anawapatsa tiyi wamkaka n'kuwafunsa, monga mwa mwambo, ngati bambo akuchidutsa bwino chisanu ndiponso ngati ziweto zanenepa. A Damdin anati ali bwino, zanenepa. Kwathu funso limeneli lili ndi yankho limodzi lokha. Ungakhale utakwirira ng'ombe yako yomaliza m'mawa womwewo, mlendo akakulonjera umati zanenepa, chifukwa tsoka ukalitchula pamalonje limakhazikika. Zoipa zimanenedwa pambuyo, tiyi atatha, ndipo anthu ngati a Gombo sazinena n'komwe.

Koma Yanjin anakulira m'khola. Atamasula thumba anapapasa mchira ndi nthiti. Mafuta anali ochepa. M'miyezi yotentha mvula inali itavuta, udzu unauma usanakule, ndipo ngati imeneyi inali nkhosa yabwino koposa ya bambo ake, zinazo zinali zotani?  Anawathokoza a Damdin n'kuwapatsa kalata yopita kumudzi.

Zaka ziwiri zoyambazo chipinda chawo chinali pansanjika yachinayi. Chaka chimenechi anawatsitsira pa yoyamba, zenera lake loyang'ana kuseri, kumene kunali mpanda wothyoka ndi mulu wa phulusa. Mnzake wa bedi loyandikana, Tungalag, mtsikana wobadwira mumzinda, wa pakamwa pakuthwa ngati lumo, anamuuza kuti aduledule nyamayo akasungitse kwa anzawo a m'mwamba.

"Iwe wakumudzi, kuno si kwanu kumene wakuba ndi mmbulu yekha. Mimbulu ya kuno imavala majekete."

Yanjin anangoseka. Kwawo nyama ya chisanu imasiyidwa pangolo panja miyezi inayi, ndipo munthu sangaikhudze ngakhale atakhala mdani wako. Kupempha malo pazenera la eni kunamuchititsanso manyazi, poti eni akewo akanaona kuwonda kwa nkhosa ya bambo ake. Anapachika thumba lake pomwepo.

Linakhalapo masiku khumi ndi awiri. M'mawa wina atatsegula kazenera kuti adule ya msuzi, anakoka chingwe chopepuka, chodulidwa bwinobwino ndi mpeni. Pansi panali mapazi a anthu awiri ndi mkukuluzi wa thumba wolowera kumpanda wothyoka uja. Anaima pamenepo mpaka Tungalag anamukalipira kuti atseke asanawaphe onse ndi mphepo. Kenako Tungalag anaona chingwecho, n'kusiya kukalipa.

Kulakwa koyambako tingamukhululukire, anali mwana. Kwachiwiri ndiye kumandiwawa mpaka lero. Anzake atatu aja anamuuza kuti mphika ndi umodzi, azidya nawo. Anadya masiku awiri. Koma nyama ya anzakewo inali yongogula pang'onopang'ono kumsika, ndipo Yanjin anatengera mtima wa bambo ake, wodziwa kupatsa koma wosadziwa kulandira. Anayamba kuchedwa dala kulaibulale mpaka anzake atadya, akafika n'kunena kuti wadyera komweko. Chakudya chake chinali buledi ndi tiyi wopanda mkaka. M'kalata yotsatira analembera bambo ake kuti akuchidutsa bwino chisanu, nyama ndi yonona, anzake akuchita kusirira.

Kumapeto kwa Disembala chisanu chenicheni chinafika, chija chimaumitsa mafuta a galimoto. Dzuwa linkatuluka ali kale m'kalasi n'kulowa asanaweruke. Yanjin anayamba kutsokomola, chifuwa chouma chimene chinkamupinda pakati. Pakhonde la hositelo panali wailesi, ndipo masana alionse ana a kumudzi ankaizungulira kumvera za nyengo. Kumadzulo kwa dziko chipale chofewa chinali chitagwa, n'kusungunuka pang'ono, n'kuundana, china n'kugweranso pamwamba pake. Nkhosa zinkafukula mpaka ziboda kutuluka magazi osaupeza udzu. Chaka chotere timachitcha zud, ndipo wachikulire aliyense ali ndi chake chimene sakonda kuchikamba. Wowulutsa ankatchula maboma okhudzidwa limodzilimodzi, ndipo la kwawo kwa Yanjin linkatchulidwa tsiku ndi tsiku.

Yanjin anagwa pamalo okwerera basi kutatsala masiku awiri kuti chaka chithe. Sanakomoke kwenikweni, miyendo inangokana. Tungalag ndi amene anamutola n'kumukokera kuchipinda. Pofuna mankhwala m'kabati kake anapezamo zidutswa za buledi wouma, basi, ndipo anamvetsa zonse.

"Ndiwe chitsiru chophunzira, wamva? Ng'ombe ukudziwa kuipima, koma wekha sukudziona kuti watsala mafupa? Ukufuna tikutumize kwa bambo ako m'thumba ngati nkhosa?"

Anamumwetsa msuzi mochita kumukakamiza. Yanjin anamugwira dzanja n'kumulumbiritsa kuti nkhaniyi isafike kumudzi, chifukwa bambo anali kale ndi mavuto awo. Tungalag analumbira. Patapita masiku atatu a Damdin anabwera ndi kalata Yanjin ali m'kalasi, ndipo Tungalag anawaimika pakhomo n'kuwakhuthulira zonse: za thumba, za buledi, za kugwa. Ankafuna kupulumutsa mnzake. Anali mwana wa mumzinda, ndipo m'maganizo mwake kutumiza nkhosa ina kunali ngati kutuma munthu kugolosale.

Thumba lachiwiri linafika pakati pa Januwale, mayeso atayamba. A Damdin sanakwere kudzamwa tiyi. Analisiya kwa mayi wolondera pakhomo, ati anali pachangu. Kalata panalibe, chinthu chimene sichinachitikepo m'zaka zitatu.

M'chipindamo munali chisangalalo. Nkhosayo inali yonona, mchira wake wodzaza manja awiri. Tungalag anachita kuvina, akuti waona, bambo ako ankanena zoona kuti zanenepa. Anatulutsa mutu kuti auwawule auphike tsiku lomwelo, n'kumupatsa Yanjin kuti augwire.

Banja lililonse limadula makutu a nkhosa zake m'njira yakeyake, ndipo mwana wa m'khola amawerenga makutu asanaphunzire kuwerenga zilembo. Za a Gombo zinkadulidwa nsonga ya khutu lamanja. Iyi khutu lamanja linali lathunthu, lamanzere ndiye linali ndi kampata kutsogolo. Yanjin anakadziwa kampatako. Kanali ka a Sodnom, a m'chigwa chachiwiri kuchokera kwawo, munthu amene anakangana ndi bambo ake pa nkhani ya chitsime zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Kuyambira nthawi imeneyo a Gombo akakumana nawo ankatembenuza hatchi, ndipo analumbira kuti tiyi wa m'hema wa a Sodnom sadzamulawa.

Anakhala pabedi mutu wa nkhosa uli pamiyendo. Zinthu zitatu zinamuonekera poyera. Bambo ake anamva za kubedwa kwa nyama. M'khola mwawo munalibe nkhosa yoyenera mpeni. Ndipo munthu wonyada uja anakagwada kwa mdani wake chifukwa cha iye. Anamuyang'ana Tungalag, ndipo Tungalag sanakane.

Yanjin anayamba kulongedza nthawi yomweyo. Koma mayeso anali atatsala anayi, ndipo wosalemba ankabwereza chaka chonse. Mabasi opita kumadzulo analinso atasiya kuyenda. Tungalag anakhalira chikwamacho.

"Ndidane nazo, zilibe kanthu, ndalakwa ndine. Koma ukanyamuka lero nkhosa iyi yafera chiyani? Idya, ulembe. Ukamaliza ndikuperekeza ndekha."

Anadya. Ankameza misozi ili chuchuchu, nyama yabwino ikumuwawa ngati mankhwala. Yotsalayo anainyamula yekha mpaka pansanjika yachinayi, n'kupempha malo pazenera la atsikana amene sankawadziwa n'komwe. Mphamvu zinabwerera, chifuwa chinachepa, ndipo mayeso anayiwo anakhoza kuposa mmene anakhozerapo. Sanasangalale. Ankangowerenga masiku oti tchuthi cha Mwezi Woyera chifike, pamene aliyense amapita kukalonjera makolo pa chaka chatsopano cha mwambo wathu, chimene chimabwera patapita milungu ingapo cha pa Januwale chitadutsa.

Anapita ndi a Damdin, atakhala kutsogolo kwa lole. Ulendo wa masiku atatu unatenga asanu. Atadutsa theka la njira anayamba kuona milu m'mbali mwa makola, ndipo poyamba ankaganiza kuti ndi nkhuni. Inali mitembo ya nkhosa ndi mbuzi, yosanjikizana, miyendo ili m'mwamba. Kwina ng'ombe inali itauma chiimirire itatsamira mpanda. A Damdin ankakamba za matayala, za mitengo ya zikopa, za akatswiri ogwetsana a m'boma lawo, chilichonse kupatula chimene mtsikanayo ankafuna kumva. Tsiku lachinayi Yanjin analephera kupirira.

"Amalume, za malonje zisiyeni. Bambo ali bwanji?"

A Damdin anayankha maso ali pamsewu. "Ali moyo, mwana wanga. Zinazo ukaona wekha."

Anafika m'mawa wa tsiku loyamba la Mwezi Woyera. Lole sinakhote kupita kumalo awo a nthawi zonse, inalowera kuchigwa cha a Sodnom, ndipo kumeneko, pambali pa mahema a eni ake, panali hema wa bambo ake. Utsi unkatuluka. Yanjin analowa. A Gombo anali atakhala kumtunda kwa hema, malo a mwini nyumba, atavala mkanjo wawo wabwino wabuluu ndi chipewa chapaphwando. Anali atawonda, masaya akuda ndi zipsera za chisanu, koma anali iwowo, ndipo Yanjin anamva mtima ukutsika. Anawalonjera monga amachitira wamng'ono pa chaka chatsopano: anatambasula manja n'kuwagwira kunsi kwa zigongono, iwo n'kumununkhiza masaya onse awiri. Anawafunsa ngati akuchidutsa bwino chisanu. Anati bwino. Nawonso anamufunsa za sukulu, iye anati bwino.

Manja a mkanjo wathu ndi aatali, amabisa zala, ndipo m'chisanu palibe amadabwa kuona munthu atawatsitsa. Koma m'nyumba, polandira tiyi, munthu amatulutsa dzanja lamanja. Yanjin anathira tiyi m'mbale n'kuwapatsa. A Gombo anaikumbatira mbaleyo pakati pa manja a mkanjo, ngati mwana wamng'ono, tiyi n'kutayikira pamaondo awo. Yanjin anatenga mbaleyo n'kuiika pansi. Anagwada, n'kukwinya dzanja la mkanjolo pang'onopang'ono. Bambo ake sanamuletse.

Kudzanja lamanja kunatsala chala chachikulu chokha. Kulamanzere kunatsala chachikulu ndi chimodzi choyandikana nacho. Mabala ake anali asanapoleretu.

Nkhaniyo anaimva kwa a Sodnom, kuseri kwa khola. Anati a Gombo anafika kwawo masana, mphepo itayamba kale, n'kuvula chipewa pakhomo. Sanapepese za chitsime ndipo a Sodnom sanafunse. A Gombo anangoti mwana ali ndi njala kusukulu. A Sodnom anawasankhira nkhosa yabwino koposa pa nyama yawo ya chisanu, n'kuwauza kuti agone mphepo ileke. A Gombo anakana. Lole inkadutsa pamsewu waukulu m'mawa mwake, ndipo ikanawapitirira mwana akanadikira milungu ina itatu. Nkhosa youma ndi katundu woipa pahatchi, imaterereka. Inagwa kawiri m'njira, ndipo chingwe choundana sichimangika ndi zala zobisa m'mkanjo, chimafuna zala zenizeni. A Damdin anawapeza m'mbali mwa msewu atakhala pa thumba, manja atayera ngati kandulo, zala zitafa ndi chisanu. A Gombo asanalole kuti apite nawo kuchipatala cha paboma, anayamba aonetsetsa kuti thumbalo lamangidwa bwino palole. Masiku amene anali m'chipatala a Sodnom anakasonkhanitsa ziweto zawo zotsala n'kusamutsa hema. Pa nkhosa ndi mbuzi zoposa mazana atatu panatsala makumi anayi.

Yanjin analira kuseri kwa kholako mpaka misozi kuundana m'masaya. Anadzida. Anada manyazi ake, anada chingwe chija, anada ngakhale mayeso amene anakhoza bwino.

Masiku a phwando anatha, alendo anachepa, ndipo iye anayamba kuona moyo wa bambo ake mmene unalili. Lamba wa mkanjo sankatha kumanga. Machesi ankawagwetsa. Chishalo sankatha kukoka. Mkazi wa a Sodnom ankabwera m'mawa uliwonse kudzayatsa moto, ndipo a Gombo ankayang'ana kukhoma mpaka atatuluka. Choopsa kwambiri chinali m'khola. Zambiri mwa nkhosa zotsalazo zinali ndi bere, zofooka, ndipo zinkayembekezeka kuswa mwezi wotsatira, chisanu chisanathe. Nkhosa yofooka siswa yokha. Imafuna dzanja lolowa m'kati, lokoka, lopukuta kamwana msanga kasanaume, lokama. A Sodnom anali ndi zawo zowakwanira, ndipo ana awo aamuna anali kumigodi. Anaankhosa a chaka chimenecho akanafa, a Gombo sakanakhalanso woweta. Akanakhala nkhalamba yodyera pakhomo pa eni.

Yanjin anawauza bambo ake kutatsala masiku awiri kuti a Damdin abwerere mumzinda. Anati alembera kusukulu kupempha chaka chimodzi chopuma, malo ake amusungira, chaka chamawa abwerera. Analankhula nthawi yaitali, zifukwa zake atazisanja bwino ngati yankho la mayeso. A Gombo anamvetsera mpaka kumapeto. Anati amene amapuma chaka sabwerera, iwo anawaona ambiri. Anati nkhosa zimafa n'kuswananso, koma sukulu ikakudutsa yakudutsa. Yanjin anati sangakhale m'laibulale yofunda pamene bambo ake akulephera kuyatsa moto.

Pamenepo a Gombo anakweza manja awo onse awiri, n'kuwagwedeza kuti mkanjo utsike, n'kuwaika pamaso pake.

"Ndiye izi ndinazitayira chiyani, mwana wanga?"

Sanakalipe. Anafunsa ngati munthu wofunadi kudziwa. 

Tsiku la ulendo anadzuka n'kupeza chikwama chake chitalongedzedwa kale. Bambo ake anali atapinda zovala ndi zigongono, n'kukoka zipi ndi mano. Anachinyamula okha pamkono n'kukaima nacho panja, kudikira lole. Yanjin anavala malaya ake a mumzinda. Anati akangoona nkhosa komaliza.

M'khola anapeza imodzi itagona pambali, ikubuula. Inali yoyamba kuswa, nthawi yake isanakwane, ndipo kamwana kanali katapingasa. Anavula malaya, kukwinya juzi mpaka paphewa, n'kugwada m'ndowe. Anamva lole ikufika. Anamva a Damdin akuliza hutala, kenako akulonjerana ndi bambo ake. Anatembenuza kamwanako monga anaphunzirira m'kalasi, miyendo yakutsogolo kaye kenako mutu, ndipo kanatuluka kamoyo, kakunjenjemera. Anakapukuta ndi udzu. Ntchito inali itatha. Akanatha kukapereka kwa mkazi wa a Sodnom, kusamba m'manja, n'kukwera, ndipo a Damdin anali asanazimitse injini. Koma atakweza maso anaona nkhosa zinazo zikumuyang'ana, mimba zili tuu pa miyendo yowonda. Analowetsa kamwanako m'juzi mwake, pachifuwa, n'kukhala pansi.

Hutala inaliranso, kenako kachitatu. Bambo ake sanamuitane ndipo sanabwere kukhola. Patapita nthawi lole inanyamuka. A Gombo anaima pomwepo mpaka phokoso lake litatheratu, kenako ananyamula chikwama n'kubwerera nacho m'hema. Anachiika kumtunda, pambali pa bokosi la zinthu zamtengo wapatali, ndipo anamuletsa kuchimasula. Zovala zoti avale anachita kubwereka.

Chaka chimenecho anapulumutsa anaankhosa makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Kusukulu anamupatsadi chaka chopuma. Koma chisanu chotsatira chinalinso choipa, ndipo chachitatu chisanafike kalata inabwera yonena kuti dzina lake lachotsedwa. Anaiwerenga, n'kuiponya pamoto bambo ake asanalowe. Tungalag ankalemba mwezi ndi mwezi, kupepesa, kukalipa, kutumiza mabuku, mpaka anamaliza maphunziro n'kupeza ntchito, makalata n'kuyamba kutalikirana monga zimakhalira. Yanjin anakwatiwa ndi mphwake wa a Sodnom, mwamuna wofatsa, ndipo ali ndi ana atatu. Khola linadzazanso. Ng'ombe ikavutika kuswa m'zigwa zonse zitatu amathamangira kwa Yanjin, ndipo amabwera msanga, salandira kanthu koposa tiyi. Ndi mayi wojintcha tsopano, woseka mokweza, koma nkhani ya Ulaanbaatar ikayambika amatuluka kukaona ana a ng'ombe.

A Gombo anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi zinayi. Anaphunzira kugwira mbale, kenako chingwe cha hatchi, ndipo adzukulu awo ankawakonda. Ndi mwana wawo sanakanganenso, koma sanamuuzepo kuti anachita bwino, ngakhale tsiku limodzi. Chimene chinkamupweteka Yanjin kwambiri chinali cha alendo. Mlendo akalowa n'kuona mayi wogwira ntchito mwaluso chotero, ankafunsa kuti ameneyu ndani. A Gombo ankawongola msana n'kuyankha mofanana chaka ndi chaka, ngakhale chaka chomaliza, Yanjin ali ndi mwana pamiyendo wina akumukoka mkanjo.

"Ndi mwana wanga ameneyu, wa ku yunivesite. Panopa ali patchuthi. Abwerera kukangofunda."

Yanjin ankawathirira alendowo tiyi n'kuvomereza ndi mutu.